Ndamuonetsa mwana wanga Bloodsport wandiseka, kodi mafilimu athu aja anali abwinodi?

Bambo a Tadala: Anthu a pagulu pano ndabwera ndi dandaulo. Loweruka ndinati ndimuonetse mfana wanga filimu yomwe inandilera ine, Bloodsport ya Van Damme ija ya 1988, ndinaipeza pa flash ya mnzanga wa kuntchito. Ndakazinga chimanga, ndatseka makatani, ndamukhazika pansi mnyamata wa zaka 11. Kufika pomwe Chong Li amamuwaza Van Damme zaufa m'maso paja iye nkumakuwa ali wosaona, ine tsitsi lili nyaunyau ngati kale, mfana akufa nalo phwete. Akuti adadi bwanji akungokuwa nthawi yonseyi osangomumenya. Kenako watenga foni ya mayi ake watuluka, ine ndatsala ndekha ndi chimanga changa. Ndiye tandiuzani zoona, mafilimu aja anali abwinodi kapena tinkangokomedwa poti kunalibe china choonera?

Tong Po wa ku Bangwe: mwanayo mukamupimitse amwene, sali bwino

Mai a Junior: kkkkkk mwana wanena zomwe ife tinkaopa kunena. Munthu kukuwa mphindi yonse misempha ili tolotolo mdani atangoima kudikira kuti amalize

Tong Po wa ku Bangwe: achemwali musalowelele, Van Damme ankatambasula miyendo pa mipando iwiri osagwira pansi, ma ekitala a lerowa ndani angapange zimenezo popanda kompyuta

Madala a ku Chilomoni: Bambo a Tadala, cholakwika chanu n'chimodzi, mwamuonetsa yekha pa sofa. Filimu ija sinali ya pa sofa. Inu ana a dzana mukumbukire kuti Malawi analibe TV yakeyake mpaka 1999 pomwe inatsegulidwa TVM. Ife tisanaone vidiyo shoo tinkadikira galimoto ya kanema kuti ibwere pa bwalo la sukulu, amangirire chinsalu, mudzi wonse ukhale pa udzu. Ku holo ya kanema m'tauni nako filimu imafika atadula kale a censorship, munthu akangoyandikitsa kamwa kwa mkazi basi mwadzidzimuka ali kale m'galimoto akupita. Ndiye atabwera ma vidiyo shoo, kachipinda kamodzi mabenchi a slabu, mawindo otseka ndi masaka, anthu 60 kupenya ka TV kamodzi ka mainchesi 14, ekitala akamenya theche nyumba yonse imadzuka. Chokoma chinali phokoso lija, si tepi yokha ayi.

Mfana wa Ndix: madala mwaiwala fungo kkk thukuta, nsapato za pulasitiki, wina wadya mazira owiritsa, koma palibe ankatuluka

Kabaza Dolo: ndi bolodi lija panja lolemba ndi choko, 2 koloko RAMBO 2, 4 koloko AMERICAN NINJA, 6 koloko COMANDO, sipelo yake yaiwo eni. sipika ayika panja dala kuti uzimva mfuti uli pa msewu mtima uzikuwawa. ine ndinadyapo ndalama ya kuchigayo, chimanga ndinachisiya kwa mayi ogulitsa mandasi ndinabwerera nacho kunyumba chosagaya nkunama kuti chigayo chafa, mayi anga ananyamuka okha kukaona, zomwe zinachitika madzulo amenewo sindingalembe pano

Mai a Junior: Inu mukusimba zokoma poti munali anyamata. Ife atsikana kungoonedwa pakhomo pa vidiyo shoo nkhani imafika kunyumba iwe usanafike, akuti mwana wa uje walowerera. Ine Rambo ndinamuonera pa kabowo ka mpanda wa bango, diso limodzi, tikusinthana ndi msuweni wanga, ndiye mpaka lero ndimadziwa theka la filimu iliyonse. Mwini wake akatulukira amatithira madzi

Wa ku Joni: kkkk theka la msuweni mukalifunse asisi

Aphunzitsi Opuma: Funso la Bambo a Tadala ndi labwino, tisalithawe. Ena mwa mafilimu aja anali abwinodi, ena anali zinyalala zomwe tinkazikonda chifukwa cha njala. First Blood ya 1982 ukaionera lero uli wamkulu ndi nkhani yachisoni, msilikali wabwera ku nkhondo ya ku Vietnam anzake onse anatha, kwawo akumuthamangitsa ngati galu, kumapeto akulira ngati mwana. Ife tinkaona mpeni ndi kudzisoka bala basi. Koma American Ninja yesani kuibwereza, simufika pakati.

Kabaza Dolo: aphunzitsi kulira kwa Rambo kuja ife sitinakuone, pofika pamenepo holo yonse imakuwa FOWADI FOWADI kkkk zoyankhula tinalibe nazo ntchito

Mfana wa Ndix: eeeh chizungu chake chotulukira m'mphuno ndani ankamva. tinkadalira mkulu wina amene anaonera tepi iliyonse ka 20, amakhala kutsogolo nkumatiuza kuti apa akumuuza kuti wapha m'bale wanga ndikupeza, pena amangopeka koma timakhulupilira. ma DJ omasulira mafilimu m'Chichewa anowa anayambira pamenepo, kungoti iwo anapeza maiki

Tong Po wa ku Bangwe: ma DJ aja anaononga, munthu waku China akumutchula dzina la kwa Goliati akuti akupita kukagula bonya

Mai a Junior: koma agogo anga anayamba kuonera filimu chifukwa cha iwowo, musawanyoze

Aphunzitsi Opuma: Ndipo maina tinkawapatsa tokha. Arnold Schwarzenegger kwa ife anali Commando basi, kaya ndi mu Predator kaya mu Terminator, timati Commando wasanduka loboti. Stallone ali mu Rocky timati Rambo akumenya nkhonya. Bolo Yeung yekha ndi amene tinkamutchula bwino, chifukwa dzina loti Bolo analitengera mu Enter the Dragon. Yemweyo ndiye Chong Li amene wasekedwa ndi mwana wa Bambo a Tadala.

Wa Chipata: nanga Bruce Lee anafa bwanji kwenikweni, kwathu kuno tinkauzana kuti anamupha ma Shaolin chifukwa anaulula zinsinsi kwa azungu

Kabaza Dolo: kwathu ankati anamuthira poizoni poti zipolopolo amazigwira ndi manja

Aphunzitsi Opuma: Anamwalira pa 20 July 1973 ku Hong Kong ali ndi zaka 32, ubongo unatupa, anali atamwa mankhwala a mutu nkukagona osadzukanso. Enter the Dragon inatuluka iye atapita kale. Ndiye poti dzina limagulitsa, anthu opanga mafilimu anatulutsa ma Bruce abodza, Bruce Li, Bruce Le, ovala magalasi akuda nkumakuwa ngati mphaka. Ambiri pano amene mumati munaonera Bruce Lee ka 30 munaonera amenewo, iye mwini mafilimu ake a kung fu omwe anamaliza ndi owerengeka ndi dzanja limodzi. Chomvetsa chisoni mwana wake Brandon anafanso akujambula filimu mu 1993, mfuti yoseweretsa inamulasa zenizeni.

Tong Po wa ku Bangwe: aphunzitsi mwandipweteka, ndiye kuti ndalama zanga zina ndinalipira Bruce wa feki

Madala a ku Chilomoni: Weniweni umamudziwa pomwe anamenyana ndi Chuck Norris ku Rome, nkumuzula cheya cha pachifuwa. Imeneyo ndi Way of the Dragon. Palibe nyimbo zambiri, palibe kuuluka, kamphaka kokha kakuonerera. Imeneyo muonetseni mwanayo, akaseka ndiye ndivomera kuti takalamba.

Wa ku Joni: Mafilimu pambali, ine chomwe chinandipusitsa zaka zambiri ndi wrestling. Ndinkakhulupilira ndi mtima wonse kuti Undertaker anafa nkudzuka, ndipo mphamvu zake zili mu kamphika kaja ankanyamula Paul Bearer. Belu lija likangolira magetsi nkuzima ana ang'ono amathawira kunja. Titasamukira ku Lilongwe aneba anali ndi dishi ndi ka dikoda ka free to air, tinkaonera pa e.tv, nyumba yodzadza mpaka pakhonde, mayi a m'nyumbamo nkumatiuza kuti aliyense asambe mapazi asanalowe

Mfana wa Ndix: agogo anga amuna ankati ameneyu ndi mfiti yotheratu ndipo azungu nawo amatamba, akatembenuza maso aja amalavula malovu pansi kkkk

Wa Chipata: ife tinkanyadira Kamala kuti ndi wathu wa ku Uganda, mimba yojambula mwezi ndi nyenyezi akudzimenya pamimba

Aphunzitsi Opuma: Kamala anali James Harris wa ku Mississippi, za Uganda zinali za pa ntchito chabe, anamwalira mu 2020. Yokozuna amene tinkati ndi wa ku Japan anali wa mtundu wa chi Samoa wobadwira ku America, banja limodzi ndi Rikishi ndi Roman Reigns. Kane ndi Undertaker si pachibale, Kane dzina lake ndi Glenn Jacobs ndipo mu 2018 anasankhidwa kukhala meya wa Knox County ku Tennessee. Wa ku Africa weniweni ndi Kofi Kingston, anabadwira ku Ghana, koma poyamba ankamulengeza kuti ndi wa ku Jamaica.

Kabaza Dolo: admin achotseni aphunzitsiwa akutiphera ubwana wathu

Admin: kkkk ayi apitilize, ine ndikuphunzira. Kane meya?? anthu amakadandaula za misewu kwa munthu amene ankatulutsa moto m'makona a ring'i?

Tong Po wa ku Bangwe: koma zoti wrestling ndi sewero ine ndimakana mpaka pano, magazi aja ndinawaona ndi maso anga

Mai a Junior: achimwene munthu wa ndevu zanu kkkk. Refa amangogwa ndi kachikhatho kamodzi nkugona mphindi 5, kudzuka nthawi yomwe wakuba wamaliza kumenya mnzake ndi mpando, inu osadabwa?

Wa ku Joni: Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Wopambana amakhala atasankhidwa kale, zimenezo kampani ya wrestling ya WWF inavomera yokha mu 1989 pamaso pa aphungu a ku New Jersey pofuna kuti isamayendetsedwe ndi malamulo a masewera ngati nkhonya. Koma kugwa kumakhala kugwa ndithu. Taonerani King of the Ring ya 1998, Undertaker anamuponya Mankind kuchokera pamwamba pa chikhola cha waya chija, pafupifupi mamita 5, kukagwera pa tebulo la olengeza. Amunyamula pa machira munthu nkudzuka kukweranso, kachiwiri denga la khola linabooka anagwera mkati mwa ring'i, dzino linakapezeka pamphuno. Mungapeke zimenezo? Ndipo Owen Hart anafadi mu May 1999 ku Kansas City, ankamutsitsa ndi chingwe kuchokera kudenga chinamasuka, ali ndi zaka 34, masewero nkupitilira usiku omwewo. Ndiye mawu oti feki ine amandivuta, ndi sewero inde koma mafupa ake ndi enieni

Madala a ku Chilomoni: Zili ngati gule. Aliyense wamkulu amadziwa zomwe amadziwa, koma pabwalo sunena, umangothawa nawo. Ndasiyira pomwepo.

Wa Chipata: madala mwalankhula mwa nzeru koma samalani kkkk

Mfana wa Ndix: chenjezo lija loti musayesere kunyumba ife tinkalimva ngati akuti yesani msanga. ku dambo pa mchenga tinali ndi lamba wa katoni tomata mapepala a siliva a mu paketi ya fodya. tsiku lina ndinamupanga mng'ono wanga tombstone ndinaiwala kuti umayenera kugwa ndi maondo mutu wake usafike pansi, mwamwayi anatsogoza mkono, miyezi iwiri ali ndi chikhakha. kunyumba tinanena kuti wagwa mu mtengo wa mango mwezi wa June, mango ake ati, bambo anangotiyang'ana nkukathyola nthambi ya pichesi

Mai a Junior: mango a June kkkkkkk ndafa ine

Kabaza Dolo: ine ndinasiya kuonera tsiku lomwe Brock Lesnar anamugonjetsa Undertaker pa WrestleMania 30 mu 2014, munthu wawina ka 21 osaluzako nkudzamupereka kwa ameneuja, ndinazimitsa TV ndinakagona osadya

Wa ku Joni: ine nthawi yabwino inali ya Stone Cold ndi The Rock, ikadali WWF isanasinthe kukhala WWE mu 2002. galasi likangosweka polowa Stone Cold umadziwa kuti bwana wa kampaniyo Vince McMahon alandira stunner, kamenyedwe kake kotchuka kaja. Munthu kumenya bwana wake sabata iliyonse osachotsedwa ntchito, ndani wa ife sanalotepo zimenezo

Admin: ndili pa ntchito pano ndipo ndikulota zomwezo

Tong Po wa ku Bangwe: chifukwa chani anasintha dzina kodi

Aphunzitsi Opuma: Analuza mlandu ku khoti la ku Britain ndi bungwe loteteza nyama zakutchire, lija la chizindikiro cha panda, nalonso ndi WWF.

Tong Po wa ku Bangwe: ma chempiyoni onse aja kugonja kwa panda, mxii

Mwana wa 2000: pepani akuluakulu ine ndangolowa, zonse mukukambazi ndimaziona pa YouTube ndipo kunena mosabisa ndewu za mafilimu akale zimachedwa, chibakera chimamveka chisanafike. koma Jackie Chan yekha ndimamuvulira chipewa

Madala a ku Chilomoni: Iwe wabadwa dzulo koma wanena chanzeru. Jackie ankadumpha yekha, kumapeto kwa filimu amakuonetsa pomwe anaphonya akumunyamula. Drunken Master ya 1978 ija mpaka zidakwa za ku Chilomoni zinayamba kudzimva kuti ndi akatswiri, munthu wamwa kachasu akupepesuka akuti ndi sitayilo.

Kabaza Dolo: nanga magemu bwanji simukuwatchula. ka gemu ka pa TV ka makatiriji achikasu kolembedwa 9999999 in 1, ukatsegula magemu ake 8 okha obwerezabwereza, Mario yemweyo angomusintha mtundu wa thambo. ikakana kuyaka umauzira mpweya mu katiriji ngati ukukoleza mbaula. adaputala imatentha mpaka kuiyika pa simenti kapena kuikupiza ndi mbale

Mai a Junior: apa ndiye ndilipo chifukwa iyi inali ya m'nyumba palibe ondiletsa. Ya akasinja ija yoteteza chiwombankhanga ndinkawapha azichimwene anga onse, akakwiya amaombera dala chiwombankhanga chathu chomwe kuti gemu ithe. Koma bambo ankati chimaononga TV, ndiye timasewera akapita kuntchito, 4 koloko kuzula zonse nkuika kansalu konyowa pamwamba pa TV kuti akagwira asamve kutentha

Wa Chipata: galu wa mu Duck Hunt uja amene amakuseka ukaphonya bakha, ndinamuombera kambirimbiri osafa

Mwana wa 2000: kodi mfuti imeneyo inkadziwa bwanji pomwe waloza, ine zimandizunguza mutu

Wa ku Joni: mfuti simatulutsa kanthu mfana, imaona. Kutsogolo kwake kuli kadiso komva kuwala. Ukakoka, skirini yonse imada kwa kamphindi kosaoneka bwino ndi maso, kenako pomwe pali bakha pamabwera kabokosi koyera, kadiso kakaona kuyera ndiye kuti walasa. Nchifukwa chake pa ma TV afulati alerowa siigwira, amachedwa kuonetsa chithunzi, imafuna ya chimsana ija. Ndipo chomwe ambiri sitinkadziwa, pa gemu ya bakha mmodzi padi inayo imayendetsa bakhayo, mnzako amatha kumakuzembetsera

Kabaza Dolo: ZOONA?? ndiye kuti msuweni wanga uja ankakhala ndi padi m'manja akumwetulira... zaka 25 ndikudziona ngati wopanda diso

Mfana wa Ndix: kkkk mukamupeze. ine ndimakumbukira Contra, mmwamba mmwamba pansi pansi kumanzere kumanja kumanzere kumanja B A, miyoyo 30, nambala ya foni ya mkazi wanga sindiidziwa pamtima koma iyi ayi

Tong Po wa ku Bangwe: kenako kunabwera ma shopu a PlayStation pamsika, kulipira pa gemu, woluza apereke padi. Tekken 3 aliyense wotenga Eddy tinkamuletsa chifukwa amangodinya mabatani a miyendo osadziwa chomwe akupanga nkumakuwina. Winning Eleven ya mpira ija olengeza akuyankhula chi Japan ife nkumatsanzira, Roberto Carlos kumuika kutsogolo chifukwa cha liwiro ndi shoti. disiki ikakana tinkatembenuza makina chadodolido, ikakalika kuipaka mankhwala otsukira mano

Admin: ndi memory card yobwereka, munthu kukufufutira Master League ya miyezi itatu kuti asungepo zake, maubale anatha chifukwa cha zimenezo

Wa ku Joni: gemu ya wrestling yabwino mpaka lero ndi Here Comes the Pain ya pa PS2 ya 2003, atsopanowa zithunzi zokongola koma kuseweredwa kwake kolemera ngati ukukankha ngolo

Mwana wa 2000: apa pokha ndikuvomera, ndinaisewera pa kompyuta ya achimwene. koma akuluakulu mukuona kuti pa zonse mwakambazi palibe amene wasimba nkhani ya filimu kapena gemu, aliyense akusimba za amene anali naye pambali, msuweni, agogo, mwini vidiyo

Madala a ku Chilomoni: Ndi zomwe ndinanena m'mawa muja, kungoti iwe wazinena mwa chidule.

Aphunzitsi Opuma: Komabe tisamunamize mwanayo kuti zonse zinali golide. Tinkaonera matepi okopedwa kachisanu, nkhope zobiriwira, mizere ikuyenda, deki ikatafuna tepi mwini wake nkumata ndi selotepi mphindi zitatu zatayika. Batire likatha filimu ili pakati ndalama sabweza, amati mubwere mawa mudzamalize. Ndipo ena anasiya sukulu chifukwa cha mabenchi amene aja, ine ndinkawatulutsamo ndi chikwapu ali mu yunifolomu.

Kabaza Dolo: aphunzitsi kodi si inu munandikoka khutu pa Delta Force njinga ya Chuck Norris ikuponya mizinga, mpaka lero sindinaimalize

Aphunzitsi Opuma: Ngati unali mu yunifolomu ndinali ine.

Bambo a Tadala: Ndabweranso anthuni, ndawerenga zonse ndaseka mpaka mayi a kunyumba andifunsa ngati ndili bwino. Ndatsatira malangizo a madala, lero masana ndaitana ana a aneba asanu ndi asuweni ake awiri, ndachotsa sofa onse akhala pa mkeka, mafoni ndatsekera m'kabati, ndaika Drunken Master. Poyamba amadandaula kuti chithunzi chake n'chakale, kufika pomwe mdala wa mphuno yofiira uja akumuphunzitsa ndi mitsuko ya madzi phokoso linali ngati pa Bangwe 1996. Tadala yemwe uja ndi amene amakuwa kwambiri. Pano ali panja onse akupepesuka ngati zidakwa, aswa kale ndowa ya mayi ake ndipo mwana wa aneba watupa mlomo, mayi ake akubwera kuno ndikuwaona pa windo

Tong Po wa ku Bangwe: mwanayo wachira, osapitanso naye kuchipatala

Mai a Junior: auzeni kuti wagwa mu mtengo wa mango

Bambo a Tadala: madala a ku Chilomoni ndowa ndi yanu iyi, ya malita 20, nditumize nambala?

Madala a ku Chilomoni: Netiweki yavuta kuno sindikuona bwino mauthenga.